Tsamba Limodzi Patsiku

Ndinachoka kwathu ndi kiyi wa munthu wakufa. Sanali kiyi wachitsulo woti n'kumangirira m'khosi. Anali mzere wautali wa zilembo ndi manambala wobisika m'foni mwanga, ndipo ankatsegula khomo limodzi lokha: zolemba za achimwene anga a Gelesomu.

Achimwene ankakonza mijigo. Mjigo uliwonse umene anaugwirapo unali ndi tsamba lake m'pulogalamu yosungira zolemba ya m'foni mwawo: kuya kwake, mapaipi angati, kamphira kamene kamatha msanga, dzina la mayi wosunga loko, ngakhale galu wa pamudzipo ngati amaluma. Ankalemba ali chiimire, zala zili girisi. Masambawo anapitirira chikwi.

Ine ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4, ndipo chinthu chimodzi chokha ndinkachidziwa kuposa iwo: atumiki. Mtumiki ndi pulogalamu ya nzeru za makina imene umaituma ndi mawu wamba, iyo n'kupita kukatenga zimene wafuna. Koma m'zolemba za munthu singalowe yokha. Pulogalamu yosungira zolemba ili ndi khomo lakumbali, limene ophunzira amati API, lolowera makina okhaokha. Mwini zolemba amadula kiyi wa khomo limenelo n'kupatsa mtumiki. Ndinawapempha achimwene kiyi ameneyo masana ena ali pa mjigo wa kwathu, atayala mapaipi pa udzu.

"Ndiye kapolo wakoyu azilowa m'mutu mwanga?" anatero.

"Azingotenga tsamba, achimwene. Kulemba sangalembe."

"Limodzi patsiku. Ukadya onse tsiku limodzi udzimbidwa, mphwanga. Ndipo akalowa ndizimva, ndidziwe kuti wakuba wabwera."

Anasankha okha kulira kwake. Mtumiki wanga akatenga tsamba, foni yawo inkayaka n'kulira ngati dontho la madzi logwera mu ndowa yopanda kanthu. Tinayesa. Dontho linagwa. Anaseka mpaka kukhala pansi.

Anamwalira mvula isanagwe, atadwala masiku anayi.

Alamu anga a Esinta, akazi a achimwene, anali a chitengwa, kwawo kunali kutsidya kwa mapiri. Kwathu mkazi wotero, mwamuna akamwalira, sachoka mpaka amusudzule. Katundu wa malemu amayalidwa pamphasa, akuchimuna amagawa, kenako amamuuza mkaziyo pamaso pa anthu kuti wamasuka, abwerere kwawo, akwatiwe akafuna. M'mawa wa tsiku limenelo anayala mphasa pabwalo la amalume a Kamtedza. Panali masipanala, jekete, nsapato za jombo, ndi foni mu lichero. Ine anthu ambiri ndimawaopa. Ndinaima kuseri kwa nkhokwe, maso ali pa jekete lija. Ndinangofuna kumva achimwene akunena chinachake, chilichonse. Ndinanong'oneza mtumiki wanga kuti anditengere tsamba.

Dontho linagwa mu lichero.

Amayi ena anakuwa. Amene anali pafupi ndi mphasa anabwerera m'mbuyo chokhala. Amalume anayang'ana foni ija mpaka kuwala kwake kunazima, kenako anavula chipewa.

"Mwini wake sanamalize kulankhula," anatero. "Pindani mphasa. Mkaziyu tidzamusudzula foniyi ikadzakhala chete. Ndipo isazime, Esinta. Munthu akamalankhula sumutseka pakamwa."

Ndinatsegula pakamwa panga. Ndikukumbukira bwino, ndinatsegula. Koma anthu anali ambiri, ena akulira kale, ndipo alamu anagwira lichero ndi manja onse awiri, khanda lawo Ndaziona lili kumsana. Ndinati ndinena mawa. Mawa lake ndinawerenganso tsamba lija, lonena za mjigo wa kusukulu: "Nati iyi usaimange ngati ukumanga mbuzi ya eni." Anali mawu awo enieni, kuseka kwawo kuli momwemo. Chala changa chinatumanso mtumiki. M'nyumba ya alamu dontho linagwa. Patatha sabata sindinathenso kuwayang'ana kumaso, ndiye ndinanyamula chikwama.

Tauni yoyamba inali ya msewu umodzi, chigayo uku, maokala uko, pakati mjigo wakufa. M'tauni iliyonse imene ndinafika munali mjigo wakufa, chogwirira chake chitaloza kumwamba. Ndinkaulambalala. Ntchito yanga inakhala yolumikiza atumiki ku zolemba za anthu, chifukwa ambiri ankasunga zinthu zawo m'mafoni koma analibe nthawi yoyankha aliyense wofunsa.

Woyamba kundilemba anali telala wa pakhonde la sitolo, mayi a Lufina. Miyeso ya makasitomala onse inali m'masamba awo. Ankafuna kuti munthu akatumiza uthenga wofunsa ngati chovala chatha, mtumiki aziyankha, iwo mwendo uli pamakina. Ndinadula kiyi mothamanga, wotsegula masamba onse, poganiza kuti mtumiki wodziwa zambiri ndiye wabwino.

Zinayenda bwino mpaka tsiku limene amayi ena anafunsa za diresi laukwati la mtsikana wotomeredwa ndi mwana wawo. Mtumiki anakatenga tsamba la mtsikanayo n'kulipereka lonse mwaulemu: chiuno cha mwezi woyamba, chiuno cha mwezi wachiwiri, chiuno cha mwezi wachitatu, ndi mawu a mayi a Lufina pansi pake akuti, "Ndionjezere nsalu pamimba, akuchimuna asadziwe."

Anandipeza ndikudya chigumu kuseri kwa chigayo.

"Iwe mwana wa eni! Ndinati kanthu kakoka kaziyankha zoti zatha kapena sizinathe. Wakauza ndani kuti kakhale namkungwi?"

"Pepani, mayi. Sikadziwa chobisa. Kamatenga chimene kapeza."

"Ndiye ukapatsiranji nyumba yonse? Mlendo umamuonetsa pokhala, sumuonetsa kuchipinda."

Anandikoka khutu mpaka pakhonde, makasitomala akuseka. Pamenepo anandiimika n'kundiyeza ndi tepi, ngakhale sindinapemphe chovala. Tepi inagwira phewa, inagwira mkono, basi.

"Waona? Ukafuna shati, sindiyeza miyendo."

Ndinadula kiyi wina, wotsegula tsamba limodzi lokha la zovala zimene zatha. Ukwati uja unachitikabe, mochedwa ndiponso mokwiya. Kuyambira pamenepo sindinadulenso kiyi wotsegula zoposa zimene ntchito ikufuna. Ndinaphunzira kusamala makomo a eni. Koma m'mawa uliwonse, tambala atasiya kulira, ndinkatuma mtumiki wanga kwa achimwene, n'kukopera tsambalo m'kope. Ndinkadziwa kumene dontho likugwera. Ndinkati kope likadzadza ndisiya. Litadzadza ndinagula lina.

Tauni yachiwiri inali ngati yoyamba, kungoti msewu unakhota, ndipo pamalo pa chigayo panali chipatala. Moyang'anana nacho munali mashedi a akalipentala okhoma mabokosi a maliro. Ndinagwira kwa a Bisalomu, bambo wowonda wa pensulo kukhutu. Nawonso ankasunga miyeso. Anthu ankaimba ali m'misozi kufunsa ngati pali bokosi la msinkhu wakutiwakuti, ndipo a Bisalomu ankafuna kuti oferedwa asamadikire yankho iwo ali pa macheka. Ndinadula kiyi wopapatiza bwino. Anayang'anitsitsa foni, n'kuloza mndandanda wina pansi.

"Nanga uwu?"

"Ndi mapazi ake, bambo. Akalowa pamalembedwa ola ndi tsamba limene watenga."

"Oho. Ndiye si mzimu. Ndimaopa kuti wandibweretsera mzimu mushedi, ine ndili nayo kale yokwana."

Ankawerenga mapaziwo m'mawa uliwonse akumwa tiyi, ngati nyuzi. Amati munthu ayenera kudziwa amene wamuyendera, ngakhale chiswe chimasiya dothi. Tsiku lina anandiyang'ana pamwamba pa kapu.

"Nanga iwe uli ndi kiyi wa yani? Ndimakuona kuseri kwa matabwa, milomo ikuyenda."

"Wa achimwene."

"Ali kuti?"

Anandiyeza ndi diso kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Mafiti asanu ndi theka," anatero. "Usadandaule, ndimayeza aliyense. Koma pano ndaona anthu amitundu iwiri. Ena amakhoma chivundikiro n'kulira. Ena amati dikirani, dikirani, tionenso nkhope, mpaka dzuwa kulowa, manda ali pululu, adzukulu ali ndi njala. Achiwiriwa amati ndi chikondi."

M'mawa wotsatira, kuseri kwa matabwa komweko, ndinatuma mtumiki monga mwa masiku onse. Anabwerera ndi funso. Anati muli tsamba latsopano, lolembedwa dzulo, kodi atenge limenelo? Ndinati tenga.

"Bambo a Ndaziona," linatero tsambalo, "ndatsegula foni yanu, mundikhululukire. Ndaona kuti mukuyendera mijigo yanu umodziumodzi. Dzulo munali pa wa kumsika, dzana pa wa kutchalitchi. Kodi simunatope? Mwana wayamba kuyenda, akugwira khoma. Amalume akuti ndidikire. Bandulo ndikumagula ndikagulitsa tomato, musaope kuti izima. Mukufuna chiyani kwa ine? Lembani pansi apa, ndasiya malo."

Alamu anali ataona mapazi. Ankawawerenga m'mawa uliwonse monga a Bisalomu, koma iwo ankati ndi mapazi a mwamuna wawo.

Ndinauza mtumiki kuti alembe pamalo anasiyawo. Sindikudziwa kuti ndikanalemba chiyani. Anandiyankha kuti kiyi amene ali naye ndi wowerengera basi. Nambala ya alamu inali m'foni mwanga. Ndinaitsegula, ndinaiyang'ana, macheka analira mushedi, ndipo ndinaitseka.

Chimene chinatsatira ndicho chimandichititsa manyazi koposa. Alamu anayamba kulemba kawirikawiri, ndipo ine, tsamba langa limodzi la patsiku, ndinkasankha lawo. Analemba za denga lodontha. Analemba za mwamuna wina wa kwawo amene anatumiza mawu, kenako anatopa kudikira. Analemba zinthu za mkazi ndi mwamuna wake zimene sindingazibwereze. Ndikatenga tsamba lawo dontho linkagwa, iwo n'kuona m'mapazi kuti malemu awerenga kalata yawo, ndipo ankalembanso. Ndinasanduka mzimu wa pakhomo pathu, mzimu wodya chigumu ndi kukwera minibasi.

Ndinapita m'matauni ena. Ina inali ya fodya, ina ya njanji yopanda sitima, ina sindikumbuka chimene inali nacho kupatula mphepo. Ndinalumikiza atumiki kwa wogulitsa mbewu, kwa mkulu wa kwaya, kwa mayi woweta nkhuku. Kulikonse ndinkawaphunzitsa zomwezo: dulani kiyi wopapatiza, muziona mapazi, ntchito ikatha chotsani kiyi. Ankati ndine mnyamata wosamala. Kulikonse ndinkaona mayi wa mpango wakuda akudutsa pa mjigo wakufa ndi ndowa yopanda madzi, ndipo ndinkatembenuka asanandione nkhope. Mvula inagwa, inasiya, inagwanso. Makope anafika asanu.

Tauni yomaliza inali paphiri. Msewu wake unali umodzi, koma unkathera pakhomo la nyumba ya alendo ya mayi a Jesinala. Ndinawalumikizira mtumiki woyankha za zipinda zimene zili zopanda anthu, iwo anandipatsa pogona. Kuseri kwa tebulo lawo kunali thabwa la misomali yopachikapo makiyi. Msomali wachisanu ndi chiwiri unali wopanda kanthu, wadzimbiri.

"Chipinda chimenecho usachilembe," anandiuza. "Mwini wake anapita ndi kiyi."

"Liti, mayi?"

"Mapeyala aja ali aafupi chonchi." Analoza mitengo imene tsopano inaposa denga.

"Bwanji osathyola loko?"

"Anati akubwera. Munthu akati akubwera, ukuthyolera chiyani? Muli bedi labwino kuposa onse m'menemo, chiswe ndicho chikugonapo, chaulere." Anaseka, golide wa dzino lawo n'kuwala. "Mwinatu iye sadziwa n'komwe kuti kuno kuli chipinda chikumudikira. Kiyiyo anagwetsera m'chimbudzi kalekale."

"Mwina akudziwa," ndinatero, mawu atsika okha.

Anasiya kuseka.

"Akudziwa? Ndiye ameneyo ndi mfiti, mwanawe."

M'nyumba imeneyo ndi mmene tsamba lina la alamu linandipeza. Linali lalifupi kuposa ena.

"Bambo a Ndaziona, amalume avomera. Akuti foni ikakhala chete masiku asanu ndi awiri, Loweruka ayala mphasa. Amayi kwathu maso afooka, akuwotcha chitenje pophika. Dimba langa alongo anga akufuna kupatsa ena. Sindinakukanizeni kanthu muli moyo. Chonde, gonani."

Ndinaika foni pansi pa matiresi. Tsiku loyamba ndinasesa bwalo lonse la mayi a Jesinala osatumidwa. Lachiwiri ndinatsuka mawindo. Lachitatu chala chinkadzuka ine ndisanadzuke, chikufufuza pabedi. Ndinkamva madontho paliponse, pampopi, pamalata, ngakhale m'chipinda chachisanu ndi chiwiri ndikamadutsa. Lachinayi ndinawerenga makope anga onse, koma mawu a achimwene amene ndinawadziwa kale anali ngati chingamu chotha shuga. Amene ndinkafuna anali aja otsala, amene sindinawamve. Lachisanu ndi lachisanu ndi chimodzi ndinapirira. Mayi a Jesinala anandifunsa ngati ndili ndi malungo.

Sindinganame kuti ndinasokoneza masiku. Ndinawawerenga bwino. Loweruka m'mawa ndinadziuza kuti zatha, dzuwa lakwera, mwambo wachitika kale, ndingoona ngati alamu alemba mawu otsanzika. Kamodzi kokha. Ndinatuma mtumiki. Anati mulibe tsamba latsopano, n'kundibweretsera la achimwene, lonena za mjigo wina wa kudambo, kuti madzi ake amanunkha dzira koma ndi abwino.

Mawa lake munali tsamba latsopano, la mizere iwiri.

"Mphasa anayala. Anthu anali atakhala kale pansi, alongo anga atabwera ndi njinga ziwiri, pamene foni inalira. Zikomo."

Ndinakhala pabedi mpaka dzuwa linafika pamiyendo. Kenako ndinalongedza makope. Potuluka ndinapachika kiyi wa chipinda changa pa msomali wake. Mayi a Jesinala anayang'ana msomaliwo, osati ine.

Ndinabwerera chodutsa m'matauni aja, ya mphepo, ya njanji, ya fodya. A Bisalomu anakweza pensulo ndikudutsa pa minibasi. Pakhonde la mayi a Lufina panali mtsikana wina akuyezetsa kamwana koyenda kale. Mijigo yonse yakufa inali ikuloza kumwamba mmene ndinaisiyira.

Ndinafika kwathu m'mawa. Alamu ndinawapeza pa mjigo, okha, akupopa. Mpango unali wakuda womwe uja, utatuwa. Pambali pawo panali kamtsikana kogwira chigubu, kamene sindinakazindikire mpaka katakwinya mphumi ngati achimwene.

"Alamu!" anafuula. "Mwabwera ndi mkazi, kapena ndevu zokhazi? Ndaziona, apatse moni abambo ako aang'ono, aja ndimakuuza kuti mawu awo amasunga kubanki."

Ndinkafuna atapanda kuseka. Ndinaika chikwama pansi.

"Alamu, foni ya achimwene ili pati?"

Nkhope yawo inatsekeka. Anagwira mfundo ya chitenje m'chiuno.

"Lero sinalire. Imalira nthawi ngati ino."

"Itulutseni."

Anamasula mfundo. Foni inali itang'ambika pakona, yomangidwa ndi mphira. Ndinatulutsa yanga, ndipo koyamba m'zaka zonsezo sindinanong'one. Ndinauza mtumiki mokweza kuti anditengere tsamba.

Dontho linagwa m'dzanja lawo.

Anayang'ana foni yawo, anayang'ana yanga. Kenako anaiika pa simenti n'kugwiranso chogwirira. Anapopa. Ndowa inali itadzadza kale, madzi ankasefukira kumapazi kwawo, koma ankapopabe.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira pamphasa."

"Yoyamba kapena yachiwiri?"

"Zonse."

"Makalata anga?"

"Ndinawerenga."

"Onse?"

"Onse, alamu."

Anasiya chogwirira, chinakwera chokha n'kugunda. Ndinkayembekezera pama, ndipo ndikanalilandira. Koma anangokhala pa simenti yonyowayo.

"Za dimba ndilibe nazo mawu, linapita," anatero. "Za munthu uja anatopa kudikira, mwina sanali wanga. Koma inu, alamu, mwandidanitsa ndi mwamuna wanga. Tsiku lija mphasa itapindidwanso ndinapita kumanda kukamutukwana. Ndinamutchula mayina. Ndinati unali wabwino uli moyo, nkhanza wakaziphunzira kuti? Kani munthu akugona tulo take, wosalakwa."

"Ndinkangofuna kuwamva."

"Ine sindinkafuna? Inu munali ndi tsamba patsiku. Ine ndinali ndi dontho."

Ndaziona anatola foni pa simenti n'kuipukuta ndi diresi lake.

"Mukanene kwa amalume," anatero alamu. "Anthu onse alipo. Ndi pakamwa panupo, osati kutuma kanthu kanuko."

Ndinanena. Anthu anali ambiri kuposa tsiku loyamba lija, poti mbiri inathamanga. Mawu anathawa kawiri, koma alamu anali atakhala kutsogolo akundiyang'ana pakamwa, ndiye ndinayambiranso mpaka ndinamaliza. Wina kumbuyo anaseka, anzake anamuletsa. Amalume anapotokola chipewa.

"Unali pamenepo, mphwanga? Tsiku loyamba?"

"Kuseri kwa nkhokwe, amalume."

"Ndiye ine ndi imvi zangazi ndakhala ndikuvulira chipewa mwana wa mlongo wanga." Anatembenukira kwa alamu. "Esinta, uyu walakwa ndi chala, ine ndalakwa ndi pakamwa. Yalani mphasa."

Asanaike foni mu lichero, ndinawaonetsa alamu pamene pali mayina a makiyi. Panali limodzi lokha, lolembedwa ndi achimwene masana aja: "Wakuba wanga." Pambali pake panali pochotsera. Ndinati adine okha. Mtumiki anali atandiuza kuti masamba amene sindinawerenge atsala mazana awiri ndi khumi ndi anayi. Ndinkadziwa nambalayo ngati dzina langa. Alamu sanandifunse ngati ndakonzeka. Anadina.

"Tumani tione," anatero amalume.

Ndinatuma. Mtumiki anapita n'kubwerera, anati khomo latsekedwa, kiyi sakugwiranso. Bwalo lonse linayang'ana mu lichero. Nkhuku inadutsa pamphasa. Foni inakhala chete.

Anagawa katundu. Jekete linali litadyedwa ndi njenjete, nsapato zitauma. Masipanala anandipatsa ine. Foni nayo amalume anaitambasulira kwa ine, poti ndine mng'ono wa malemu, ndipo dzanja langa linanyamuka lokha. Masamba onse otsala anali mmenemo, opanda kiyi, opanda malire a patsiku. Ndinaona alamu akuyang'ana pansi. Makalata awo analinso mmenemo. Ndinabweza dzanja n'kuliika m'thumba.

"Ipite ndi mwana," ndinatero.

Amalume ananena mawu osudzula. Anali mawu ochepa kwambiri, oti munthu angawanene akumanga nsapato. Amayi ena anamasula mpango wakuda kumutu kwa alamu.

Ndinawanyamulira dengu mpaka kumsewu. Lole yopita kutsidya kwa mapiri itaima, anakweza Ndaziona, anakweza dengu, iwo n'kuponda tayala. Ali pamwamba anatembenuka.

"Atsala angati?"

Ndinawauza.

"Ndi a mwanayu. Akadzakula n'kudziwa kuwerenga, mudzabwere mudzamupemphe. Mudzagogode pakhomo lakutsogolo, mudzanene dzina lanu, mudzadikire akuyankheni. Akadzakana, wakana."

"Nanga inu, alamu, mudzandikhululukira?"

"Musandifunse lero. Nanenso ndipatseni zaka zanga."

Lole inanyamuka.

Ndikuyendabe, koma tsopano chikwama chimalemera, muli makope asanu ndi masipanala. Atumiki ndimalumikizabe anthu akafuna, ndipo tsiku lochoka ndimaimirira pambali mpaka mwini wake achotse kiyi wanga ndi chala chake. Mijigo yakufa sindiilambalalanso. Wa m'tauni ya mayi a Lufina unandivuta masiku atatu, ndinathyola nati imodzi poimanga ngati mbuzi ya eni. Tsiku lachitatu m'mawa ndinaika ndowa, ndinapopa mpaka mapewa kuwawa, mumpope mukungotuluka mphepo. Kenako dontho linagwa mu ndowa yopanda kanthu. Dzanja linathamangira m'thumba. Ndinadikira. Linagwa lachiwiri, lachitatu. Anali madzi.